Fakisi ndi imelo pa desktop ya kunyumba, ndithandizeni abale

MwanaWaChibavi (Lolemba, 20:14)

Moni nonse muno. Pepani nkhani yanga italikako pang'ono koma ndikufuna mundimvetse bwino chifukwa ndazungulira nayo sabata ziwiri tsopano mpaka nsapato zatha.

Madala anga anagwirapo kumigodi ku Joni, anapita pa Theba mu 1979 nkubwerako 1988 nthawi imene a Malawi anasiya kutengedwa ija. Pano akula, maso sakuona bwino, miyendo nayo ndi imeneyo, nde chilichonse cha mapepala chimagwera ine poti ndine ndili nawo pafupi. Mwezi wathawu achimwene anga a ku Lilongwe anapeza mafomu a ofesi ina ya ku Joni yoona za ndalama za anthu amene anagwira kumigodi, nkutitumizira pa basi. Onse pamodzi ndi masamba 6, kuwerengera fotokope ya chiphaso cha unzika ndi kakhadi kawo ka kumgodi kamene akhala akusunga musutikesi zaka zonsezi ngati ndalama. Tadzaza, madala asaina, chidindo tadinditsa. Pansi pa fomuyo analemba kuti tibweze pa fakisi kapena pa imelo, ndipo nambala ya fakisiyo ikuyamba ndi 086.

Madala akuti iwo akufuna fakisi basi, eti imelo ndi za ana. Nde ndinayamba kusakasaka mtauni muno mu Mzuzu, Old Town yonse, kudepoti, mpaka ku Katoto, mashopu onse a fotokope aja ndalowamo. Mnyamata wina anachita kundiseka eti asisi fakisi inapita ndi a Kamuzu. Pena makina analipo ndithu, atawafunditsa kansalu koluka ngati wailesi ya agogo, koma akuti laini inafa kalekale.

Kunyumba tili ndi desktop yakale, achimwene omwewo anatisiyira atagula laputopu, ili ndi Windows 7. Imayaka bwinobwino, ana amaseweretsapo gemu ya makadi ija. Mwana wa aneba amene ali ku Mzuni anandionetsa kuti mkatimo muli chinachake cholembedwa Windows Fax and Scan, anati pamenepo nditha kutumiza fakisi osachoka pakhomo, koma nditatsegula ikumandifunsa za modemu, ine za modemu ndizidziwira kuti. Kumbuyo kwa CPU kuli kabowo kooneka ngati kolowetsa waya wa foni, kaya nde modemuyo kaya.

Ku imelo nakonso kwavuta. Ndikalumikiza foni ndi thambo la USB intaneti imaonetsa kuti yalowa, koma ndikati nditsegule Gmail kumabwera zofiira, eti Your clock is behind, osatseguka olo pang'ono. Pa foni Gmail ikutseguka koma zithunzi za mafomu zimene ndinajambula zakwana 38 MB nde ikundiuza za Google Drive, ine ndikuopa kudina zinthu zimene sindikuzidziwa pa mapepala a madala.

Nde funso langa ndi loti kompyuta imeneyi ingatumizedi fakisi? Ngati singathe, imeloyo ndiyendetse bwanji kuti mapepalawa akafike ooneka bwino? Zikomo.

Fundi_wa_Luwinga (Lolemba, 21:02)

Achemwali tiyambe ndi Gmail chifukwa pamenepo palibe nkhani, kompyuta yanu sinawonongeke yangoiwala tsiku. Tayang'anani pakona yakumanja pansi pa sikirini pamene pamakhala nthawi, ndikutsimikiza mupeza ikunena chaka china chakalekale. Mkati mwa CPU mumakhala kabatire kozungulira kaphwatalala ngati ndalama yachitsulo, kamalembedwa CR2032, ntchito yake nkusunga nthawi kompyuta ikakhala yozima. Kakatha mphamvu, magetsi akangothima kapena mukazula pakhoma kompyuta imabwerera ku chaka chimene inabadwa. Tsono Gmail ili ndi satifiketi yachitetezo yokhala ndi madeti ake, Chrome ikayerekeza madetiwo ndi tsiku la pa kompyuta yanu nkuona kuti sizikugwirizana imangokana, ndi zofiira mukuonazo.

Dinani panthawipo, musankhe Change date and time settings, ikani tsiku lalero ndi nthawi yake, pa time zone musankhe yolembedwa Harare, Pretoria ya UTC+02:00, imeneyo nde yathu. Tsekani Chrome nkutsegulanso muona. Koma mmene magetsi akuthimira masiku anowa muzikhalira kukonza tsiku lililonse, bola mungogula kabatireko, anyamata ogulitsa mawotchi mumsika amakhala nako ndipo sikodula. Posintha zulani kaye thambo la magetsi kukhoma, musachite zinthu ili yoyaka.

China choti mudziwe, Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu January 2020, ndipo Chrome yomaliza imene imalowa pamenepo ndi 109, Firefox ndi 115. Imelo mutumiza ndithu koma za kubanki musamachitirepo, komanso musamalole ana azilowetsapo mafulashi ongotola kwa anzawo.

Tsopano fakisi. Mwana wa anebayo sananame, pulogalamuyo imatumizadi fakisi, koma anakuuzani theka. Pamafunika zinthu ziwiri. Choyamba modemu ya fakisi, ija ya dial-up ya 56k imene tinkagwiritsa ntchito kale polowa pa intaneti imalira tiii krrrr ija. Chachiwiri laini ya foni yapansi yamoyo, ya MTL ya manambala oyamba ndi 01 aja, yoti mukanyamula foni mukumva kulira kwa dial tone. Popanda lainiyo olo mugule modemu yabwino bwanji palibe chimene chichoke.

Kabowo mukunenako kayang'anitsitseni ndi tochi. Ngati ndi kotakata ndipo mkati muli timawaya tagolide 8, kameneko ndi ka netiweki, RJ45, sikafoni ayi. Ka foni ndi RJ11, kocheperako, ndipo modemu zambiri zimakhala ndi timabowo tiwiri moyandikana, kena kolembedwa LINE kena PHONE. Anthu ambiri amasokoneza, ndalandirapo makompyuta angapo munthu atakakamiza waya wa foni m'bowo la netiweki mpaka kupinda timawayato. Mukhozanso kuona mu Device Manager ngati pali mzere wolembedwa Modems.

Ndipo musataye nthawi kuganiza kuti foni yam'manja ndi thambo la USB ilowa mmalo mwa laini yapansi. Fakisi siyenda pa bandulo, imayenda ngati phokoso pa laini ya mawu, makina amasandutsa tsamba kukhala kulira kuja nde makina a tsidya linalo amamvetsera nkujambulanso. Netiweki ya foni zam'manja imafinya mawu kuti ikwanitse kunyamula anthu ambiri, kwa khutu la munthu zimamvekabe bwino koma kulira kwa fakisi kukafinyidwa kumafika kophwanyika. Nde ngati kwanu ku Chibavi kulibe foni yapansi, Windows Fax and Scan muiwale, isakupwetekeni mutu.

MlembiWakale (Lachiwiri, 06:37)

Mwana wanga, bambo akowo usawaseke, ali ndi chifukwa chawo. Ine ndagwira ntchito ya ulembi muofesi kuno ku Mzuzu zaka zoposa 20 ndisanapume, fakisi ndaitumiza mpaka zala kuzolowera manambala osayang'ana. Chimene akuluakulu amaikondera ndi kapepala kaja kamatuluka ukamaliza kutumiza, kolembedwa tsiku, nthawi, nambala imene watumizako, masamba angati, kenako OK. Kameneko unkakamata ndi sitepula pa fomu nkuika mufayilo, munthu wa ku Blantyre akati sitinalandire iwe umangotulutsa kapepalako nkhani nkutha. Anthu amene anavutikapo ndi maofesi amadziwa kuti mawu apakamwa sawerengedwa, chimene chimakupulumutsa ndi pepala. Nde a Fundi musamangoti muiwale muiwale, madalawo akufuna umboni osati makinawo.

Koma ndikuuze zoona zake, pa mapepala ngati akowo ine ndemwe sindingasankhe fakisi olo laini itakhalapo. Fakisi sidziwa mtundu, imadziwa chakuda ndi choyera basi. Chithunzi cha pa chiphaso chikadutsa mmenemo nkhope imafika ngati munthu wagwera m'thumba la makala, maso okha mbee. Chidindo cha inki ya buluu kapena yofiirira chikakhala chosakolera chimasowa kumene, kapena chimafika chamadonthomadontho osawerengeka. Kakhadi ka kumgodi ka zaka 40 kameneko manambala ake atha kale kufufutika, ukakafakisa tsidya linalo akalandira mdima wokhawokha. Ife tinkachita kudina Fine kuti zionekeko bwino, koma zinkatenga nthawi yowirikiza, ndipo kunja kwa dziko bilu yake inkawerengedwa ngati waimba foni, mphindi iliyonse ndalama. Laini ikaduka pa tsamba lachinayi umayambiranso, abwana uku akukuyang'ana.

Pepala lake lomwe lija lokulunga ngati mpukutu linali ndi vuto, ukalisunga chaka chimodzi zolemba zonse zimazimiririka, maka likakhala padzuwa kapena pafupi ndi moto. Fakisi yofunika tinkaichita fotokope tsiku lomwelo. Nanga mvula ya kuno ku Mzuzu imadziwa nyengo ngati, chiphaliwali chikang'anima tinkathamangira kuzula waya wa foni kukhoma, chifukwa mphenzi imadutsa m'waya momwemo nkuotcha makina. A Fundi anene ngati ndikunama, modemu zambiri zinafa choncho.

Ukafuna kuyesabe, funsa m'maofesi a maloya kapena a mishoni akale, ena anasungabe laini. Poimba ku Joni umayamba 00, kenako 27, nkuchotsa 0 woyamba wa nambala yawo. Ambiri ankaiwala kuchotsa 0 ameneyo nkumati makina awonongeka.

Uwapatse moni bambo. Amuna anga malemu nawonso anali ndi asibweni awo amene anapita pa Wenela, sanabwereko ndi kanthu kupatula bulangete ndi chifuwa.

Kabaza_wa_Zolozolo (Lachiwiri, 07:15)

Kkkkk amene anati fakisi inapita ndi a Kamuzu uja sakudziwa mbiri aise. Fakisi ndi nkhalamba kuposa foni imene, mzungu wa ku Scotland dzina lake Alexander Bain analembetsa nzeru imeneyi mu 1843, Bell anabwera ndi foni 1876. Ndekuti Livingstone pofika kunyanja 1859 fakisi inali itayamba kale kukwawa. Musandione kupalasa njinga ine sukulu ndinapitako, fizi ndi imene inandilaka.

Asisi mukafuna wokuzungulitsani mtauni kusaka fakisi ndilipo, koma mtengo wake ukhala wa tsiku lonse chifukwa sitiipeza.

MwanaWaChibavi (Lachiwiri, 13:48)

A Fundi Mulungu akudalitseni, kompyuta imanena kuti tili mu January 2009 kkkk. Ndakonza tsiku, Gmail yatseguka pompo. Kabowo kaja ndaunika ndi tochi ya foni, timawaya tilimo 8, nde za fakisi pakhomo pano zatha, foni yapansinso sitinakhalepo nayo chibadwire.

Amayi a MlembiWakale zikomo kwambiri, ndawawerengera madala zimene mwalembazo, pa thumba la makala paja aseka mpaka kutsokomola. Avomera imelo koma akuti bola pakhale kapepala.

Koma pabukanso zina. Ndikadina Shift ndi 2 kuti ndilembe @ kukubwera timakoma tiwiri tam'mwamba, polowa mu Gmail ndinachita kukopera @ pa tsamba lina. Komanso za 38 MB zija zikadalipo, ndisamutsire zithunzizo pa kompyuta kapena nditani? Mwana wa ku Mzuni uja akuti palinso mawebusaiti otumizira fakisi pa intaneti, zimenezo nzoona? Ndimati mwina nditumize konsekonse kuti madala mtima ukhale pansi.

Fundi_wa_Luwinga (Lachiwiri, 18:20)

Za @ musadandaule, kiyibodi yanu ndi ya chi America koma Windows inaikidwa ya chi UK. Pa ya UK @ amakhala pa batani lachiwiri kuchoka pa L kupita kumanja, pafupi ndi Enter, dinani Shift ndi limenelo atuluka. Mukafuna kukonzeratu pitani ku Control Panel, Region and Language, Keyboards and Languages, muikepo US.

Tsono zithunzizo. Gmail imalola 25 MB pa imelo imodzi, zikapitirira imaziika pa Google Drive nkutumiza link mmalo mwa fayilo. Kwa m'bale wanu palibe vuto koma ku ofesi musatero, ambiri saloledwa kutsegula ma link ochokera kwa anthu osawadziwa, ena makompyuta awo amachita kutsekeratu. Komanso 25 MB ndi malire a kwa inu otumiza, olandirawo akhoza kukhala ndi malire awo otsika kuposa pamenepo, ndipo fayilo ikamayenda pa imelo imafufuma pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu chifukwa cha mmene imapakidwira. Nde cholinga chanu chikhale fayilo imodzi ya PDF, masamba onse 6 motsatana, yosapitirira 2 kapena 3 MB. Munthu wa muofesi ali ndi mafomu mulu pa desiki, mukamutumizira zithunzi 6 zobalalika china chozondoka china chikuonetsa chala chanu ndi nsalu ya patebulo, adzaika pambali nkuyamba za ena.

Zithunzi munajambulazo zisiyeni, yambiraninso. Pa foni ya Android tsegulani Google Drive, dinani + nkusankha Scan. Imajambula, imadula m'mbali yokha, mumawonjezera tsamba lachiwiri lachitatu mpaka onse, pamapeto imasunga ngati PDF imodzi. Chitani masana pafupi ndi windo, osati usiku ndi flash chifukwa chiphaso ndi chapulasitiki chimanyezimira ndipo kuwalako kumagwera pa nambala penipeni. Pepala ligone pamalo osalala, pansi pake pakhale chinthu chakuda kuti foni ione malire. Chiphaso mujambule mbali zonse ziwiri, ndipo mujambule chenichenicho komanso fotokope yodindidwayo ngati anapempha yodinda. Mukamaliza kulitsani tsamba lililonse pa sikirini ya desktop, pamenepa nde desktop imaposa foni, muona ngati siginecha ndi chidindo zikuwerengeka. Ngati foni yanu kamera yake ndi yofooka pitani pa shopu ya fotokope akusikanireni, muwauze 200 dpi, PDF imodzi, akuikireni mufulashi, ndipo muonetsetse kuti afufuta pa kompyuta yawo muli pomwepo.

Fayiloyo muipatse dzina la madala ndi nambala yawo ya kumgodi, osasiya IMG chakutichakuti. Pa Subject chimodzimodzi, dzina, nambala ya kumgodi, ndi reference ngati ilipo pa fomu. Mkati mulembe mizere itatu inayi m'Chingerezi chosavuta, mwatumiza chani, masamba angati, nambala yanu ya foni yoyamba ndi +265, ndipo muwapemphe ayankhe kuti alandira. Achimwene anu a ku Lilongwe muwaike pa Cc kuti nawonso akhale nayo. Mukadina Send musazule foni msanga, dikirani ilembe Message sent, kenako mukaone mu Sent ngati fayilo ilipodi. Mukalandira imelo yochokera kwa Mail Delivery Subsystem ndekuti yabwerera, muwerenge chifukwa chake, nthawi zambiri ndi chilembo chimodzi cholakwika pa adiresi.

Mawebusaiti a fakisi alipodi, monga eFax ndi Fax.Plus, mumakweza PDF iwo nkuimba fakisiyo mmalo mwanu. Koma ambiri amafuna khadi la Visa lolipira mu madola, nkhani ya forex mukuidziwa kale mmene ilili, ndipo aulere osadziwika bwino aja ine sindingaikepo chiphaso cha bambo anga. Mapeto ake tsidya linalo alandirabe nkhope ya makala imene anena mayi aja.

Mayi MlembiWakale simukunama ayi, nyengo ya dial-up modemu zopsa ndi mphenzi ndinazaza nazo katoni. Ndipo za kapepala ndagonja, mwanena zoona. Gmail yaulere ilibe chokuuzani kuti munthu watsegula, nde umboni wake ndi tsamba la mu Sent lija, pamakhala tsiku, nthawi, adiresi ndi dzina la fayilo. Achemwali mukalipulinte limenelo.

WakuJoni_011 (Lachiwiri, 22:51)

Monire mose kunyumba, ine ndi mwana wa ku Mchengautuwa koma ndili kuno ku Johannesburg chaka chachisanu ndi chitatu tsopano. Ndaona 086 nde ndati ndiyankhepo.

Sisi nambala imeneyo kumapeto kwake kulibe makina a fakisi olo amodzi. Kuno manambala a 086 amene amalembedwa pa mafomu ngati fakisi ndi a fax to email, iwe ukafakisa kampani ina imalandira nkusandutsa fayilo nkuiponya mu imelo ya munthu wa muofesiyo. Ndekuti mukanavutika kusaka makina Mzuzu yonse, kulipira foni yakunja, pamapeto pake pepala lanu likanakathera mu inbox yomweyo imene mukutumizako mwaulereyi, kungoti lakuda. Komanso manambala amenewa ndi a mtengo wapadera ndipo kawirikawiri salowa ukamaimba uli kunja kwa South Africa. Muwauze madala choncho, kuti fakisi ya masiku ano kuno ndi imelo yovala jekete lakale.

Chimene ndingakulangizeni ine nkuimba. Pa fomupo payenera kukhala nambala ya ofesi, ngati ikuyamba ndi 011 ndi ya Johannesburg, inu muimba +27 11 nkupitiriza. Nthawi ya kuno ndi ya kumudzi ndi imodzimodzi palibe kusiyana olo mphindi, nde imbani cha m'ma 9 mmawa asanatope, mutagula mayunitsi okwanira chifukwa amakuimitsa pa nyimbo. Nambala ya kumgodi ya madala ikhale m'manja, ndi chinthu choyamba adzakufunseni. Mufunse dzina la amene mukulankhula naye mulembe ndi tsiku lake kuseri kwa fomu. Mufunsenso ngati akufunabe mapepala enieniwo pa positi kapena pa courier, maofesi ena amayamba ndi sikani koma asanalipire amafuna ma original, nde musawataye kapena kuwapinda.

Chinanso, ndipo ichi ndikunena mtima ukundiwawa chifukwa malume anga zinawaonekera ku Ekwendeni. Nkhani ya ndalama za kumigodi ili ndi akamberembere ambiri, kuno ndi kumudzi komwe. Amayenda ndi mafomu ooneka bwino, amati perekani kangachepe ya processing ndalama zanu zatuluka kale zikungodikira, madala amagulitsa mbuzi nkupereka, munthu uja osaonekanso. Nde taonani adiresi ya imelo ili pa fomuyo. Ofesi yeniyeni imakhala ndi adiresi ya dzina lake, kawirikawiri yothera .co.za kapena .org.za kapena .gov.za, ikakhala ya gmail kapena yahoo yambani mwaima kaye. Achimwene anuwo afotokoze bwino kumene anatenga mafomuwo, ndipo mufunsenso ku ofesi ya Labour konko musanatumize chiphaso cha munthu wamkulu kwa anthu osawadziwa. Wina akadzakuimbirani kuti tumizani ndalama pa foni kuti fayilo iyende, kapena akufuna PIN, dulani foniyo.

Ndasowa kondowole abale inu, kuno ufa wake umafika utanunkha thumba.

MwanaWaChibavi (Lachisanu, 19:05)

Ndabwera kudzapereka lipoti, pepani ndinasowa, magetsi kwathu kuno anachoka Lachitatu mmawa kubwera usiku, kompyuta nkubwereranso ku 2009 kkkk, nde dzulo ndagula kabatire kaja mwana wa aneba wandiikira.

Achimwene a ku Joni zikomo potichenjeza. Adiresi ndi ya .co.za, ndipo achimwene anga akuti mafomu anakatenga okha ku ofesi ya boma osati kwa munthu wapamsewu, palibe amene watipempha ndalama mpaka pano. Ndinasikana Lachinayi mmawa pakhonde, ndinayala chitenje chakuda pa tebulo monga ananenera a Fundi, kakhadi ka kumgodi ndinabwereza kanayi chifukwa dzanja limanjenjemera ndipo madala anaima pambali kulondera kuti kasauluke ndi mphepo. PDF yonse inakwana 1.9 MB, kuchoka pa 38 paja ine mpaka ndinakayika kuti mwina masamba ena asowa, ndinawerenga kawiri pa sikirini onse alipo.

Imelo yoyamba inabwerera pasanathe mphindi, Address not found. Mtima unagunda, kuyang'anitsitsa ndinalemba .co.za bwinobwino koma pakati ndinadumpha chilembo chimodzi. Yachiwiri inapita. Lero mmawa ndaimba, anandiimitsa pa nyimbo mphindi zingapo ndikungoona mayunitsi akutsika, kenako anayankha mayi wina waulemu wake, wapeza imeloyo ndi nambala ya kumgodi imene ndinaika pa Subject ija. Koma akuti tsamba lachinayi chidindo chadulidwa m'munsi, foni podula m'mbali inadya tsiku la pachidindo, ine sindinaone. Ndajambulanso tsamba limenelo ndatumiza pa Reply ya imelo yomweyo kuti zikhale pamodzi, wayankha mzere umodzi kuti received. Za ma original akuti tisunge adzatiuza.

Vuto linatsala ndi madala. Nditawauza kuti zapita anayang'ana patebulo mafomu ali pompo, akuti zapita bwanji mapepala ndi awa. Ndafotokoza mpaka kutopa, nde masana ndakwera kabaza kupita ku Katoto kukapulintitsa tsamba la mu Sent lija pamodzi ndi yankho la mayi uja. Ndawawerengera mokweza tsiku, nthawi, ndi received yo, anandiuza ndibwerezenso kachiwiri. Kenako apempha sitepula, tilibe, nde amanga ndi kapini ka m'chitenje changa pamodzi ndi mafomu, alowetsa mu pulasitiki ya shuga nkubwezera musutikesi pansi pa jekete lawo la ku Joni. Amayi a MlembiWakale akuti ndikufunseni ngati pepala limeneli nalonso lizimiririka pakatha chaka ngati la mpukutu lija, kuti ngati ndi choncho ndikachite fotokope mawa.